Ndikusamukira ku Nkhotakota, DStv ndipite nayo kapena ndigulitse?

Bambo a Chisomo: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Kuntchito andisamutsa kuchoka ku Salima kupita ku Nkhotakota, ndipo nyumba ndaipeza cha ku Linga. Nyumbayo ndi yabwino koma yazunguliridwa ndi mitengo ikuluikulu ya mango, ndipo netiweki ya foni imagwira ukaima pakhonde pokha. Neba wa kumeneko akuti TV yake imaduladula, imangolemba E48-32 (kusonyeza kuti siginolo palibe) mpira uli mkati. Eni nyumba akananso kuti ndiboole khoma. Ndipite nayo DStv kapena ndigulitse dekoda ndi dishi konkuno?

Ankolo Dwangwa: Gulitsani. Ndigula ndine, tchulani mtengo.

Mayi a Tadala: Achimwene samalani ndi anyamata oika madishi. Ine mnyamata wina anandilipiritsa K35,000 kuti andiikire dishi titasamukira ku Senga Bay. Anakwera padenga, anapotoza malata awiri, chithunzi chinabwera, nkutenga ndalama nkumapita. Kunja kusanade siginolo yapita. Ndikumuimbira akuti LNB (kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kolandira siginolo) yapsa, ndigule ina kwa iye yemweyo. Ndinagula. Tsiku lotsatira foni yake sikupezekanso. Mvula itabwera denga linayamba kudontha pamwamba penipeni pa bedi la ana. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikaiona dishi imeneyo.

Che Jafali: K35,000? Mayi anakudyerani masuku pamutu. Ine ndinalipira K10,000 ndi botolo la Fanta.

Mayi a Tadala: Chaka chanji chimenecho bambo? Kwacha isanagwe mu 2023 kapena? Musatipusitse.

Che Jafali: Chaka sichofunika, chofunika nkudziwa kunenerera.

Mphunzitsi wa ku Chia: Bambo a Chisomo, mwasakaniza zinthu ziwiri. Netiweki ya foni imachokera pa mlongoti womwe uli pansi pano, pomwe DStv imachokera ku setilaiti kumwamba. Foni ikhoza kukana kugwira m'nyumba monse koma TV nkumaonetsa bwinobwino. Ine ndimakhala kufupi ndi Chia, kuti ndiimbe foni ndimachita kutuluka kupita kumsewu wa M5, koma mpira ndimaonera osadukiza. Mdani wanu ndi mangowo. Dishi imafuna thambo loyera, popanda nthambi kapena denga lotchinga, ndipo kuno kwathu imaloza cha kumpoto chifukwa masetilaiti amenewa ali pamwamba pa equator. China chimene ambiri sadziwa, dishi ija imaoneka ngati yayang'ana kutsogolo, koma siginolo imabwera kuchokera m'mwamba kwambiri kuposa pamene mbale yalozapo. Ndiye mwina mtengo womwe mukuuopawo sukutchinga nkomwe, pomwe nthambi yomwe yalendewera pamwamba pa dishi ndiyo ikuvutitsa neba wanuyo. Pitani mukaime pabwalo, muyang'ane kumpoto chakumwamba. Mukapeza mpata, vuto palibe.

Bwana Biggie: Ine zonsezi sindizidziwa. Ndili pa Premium chaka chonse, dekoda ya Explora, TV ya mainchesi 65, sola padenga. Magetsi azime asazime kwathu mpira umaoneka. Munthu ukafuna zabwino umalipira basi.

NaBanda: Bwana, funso linali la mitengo ya mango, osati mainchesi.

Bwana Biggie: Adule mitengoyo.

Bambo a Chisomo: Nyumba ya lendi bwana. Amayi eni nyumba amagulitsa mango amenewo nyengo yake ikafika, ogula amachita kubwera ndi madengu. Ndikangokhudza nthambi imodzi katundu wanga ndimupeza panja.

Achimwene a Kabaza: Bwanji osangogula GOtv? Yotchipa, dishi sifunika, kaeriyo kokha pamsungwi basi.

Mphunzitsi wa ku Chia: Imeneyo si ya setilaiti achimwene, imadalira mlongoti ngati foni. Imagwira kumene kuli ma transmitter ake, monga ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Asanagule ayambe afunsa anthu a ku Linga komweko ngati alipo amene akuonera, apo ayi angogula bokosi lokongoletsa pa shelefu.

Achimwene a Kabaza: Msuweni wanga ali nayo ndipo ikugwira.

NaBanda: Msuweni wanuyo amakhala kuti?

Achimwene a Kabaza: Ku Area 25.

NaBanda: Mwaona nanga.

Agogo Nkhoma: Ana inu mukuvutika ndi chiyani? Ine ndili ndi Kiliye Kiliye, ndimaonera MBC, Zodiak ndi Times, nkhani za kwathu kuno, mapemphero Lamulungu. Ndalama yolipira mwezi ndi mwezi kuti muone azungu akuthamangitsa chikopa bwenzi mutagula thumba la mpunga wa kilombero. Ndipo mwaiwala kuti mu August 2023 MultiChoice inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi muno itasemphana ndi MACRA pa nkhani ya mitengo? Inabwerera inde, koma masiku amenewo anthu anagwira njakata.

Che Jafali: Agogo, Arsenal siyioneka pa Kiliye Kiliye.

Agogo Nkhoma: Arsenal ikukupatsani chiyani mwana wanga?

Mlongo wa ku Chipoka: Ine ndilankhule zomwe ndinachita, chifukwa nanenso eni nyumba anandikaniza kuboola khoma. Ndinagula paipi yachitsulo yokhuthala, ndinakumba dzenje pabwalo pamalo opanda mtengo, nkuthira simenti, dishi nkuimangirira pamenepo. Kebulo ndinaidutsitsa pansi mu paipi ya pulasitiki kuti mbuzi ndi ana asaikoke, nkulowetsa pawindo. Khoma silinakhudzidwe. Koma musaike pamtengo wa bulugamu kapena nsungwi ngati amachitira ena. Kunyanja kuno mwera ukayamba cha mu June ndi July umagwedeza chilichonse, ndipo dishi ikangosuntha pang'ono chithunzi chimathawa. Mabawuti amangidwe zolimba ndithu. Chinanso ndi dzimbiri. Chinyezi cha kunyanja chimadya mabawuti ndi polumikizira kebulo ku LNB, madzi akalowa pamenepo siginolo imatsika pang'onopang'ono inu nkumaganiza kuti dekoda yatha. Pakulungeni bwino ndi tepi. Ndipo ngati muli ndi kadishi kakang'ono ka 60cm, pezani ya 90cm, imapirira mvula bwinoko.

Ankolo Dwangwa: Mvula ya ku Nkhotakota ilibe 90cm mlongo. Mtambo wakuda ukangochokera kunyanja, zimitsani TV mukagone.

Mlongo wa ku Chipoka: Imaduka inde ikagwa yamphamvu, koma imabwerera mtambo ukadutsa. Si kuti mwezi wonse.

Mayi a Tadala: Ndipo woikayo musamupatse ndalama asanakuonetseni pa TV pomwe pamalemba signal strength ndi signal quality. Muone ndi maso anu manambala ali pamwamba, mudikirenso mpaka madzulo. Ine zinandionekera.

Mnyamata wa Bandulo: Akuluakulu mukadali pa madishi? Ine ndimaonera pafoni, bandulo ya usiku, zatha.

Mphunzitsi wa ku Chia: Munthu wanena kuti foni imagwira pakhonde pokha. Aziwonera mpira ataima pakhonde ndi udzudzu wa ku Linga?

Mnyamata wa Bandulo: Agule neti kkkk

Bambo a Chisomo: Zikomo nonse. Zoti netiweki ya foni ndi dishi nzosiyana ndiye ndazimva. Koma paipi, simenti, kebulo yotalika ndi wondiikira, zonsezi pamodzi zingakwane zingati? Ana akulira kale kuti makatuni awo, mayi akunyumba akuti ndalamayo tigule firiji popeza kumeneko kukutentha ngati konkuno.

Mlongo wa ku Chipoka: Ine zonse zinandidyera pafupifupi K80,000, koma paipi ndinagula yakale.

Che Jafali: K80,000 pa dzenje? Ndi K30,000 ndikhoza kukuikirani ineyo.

Mayi a Tadala: Ameneyu musamupatse nambala, amayamba choncho.

Bwana Biggie: Firiji ndi DStv zonse nzofunika, gulani zonse.

Ankolo Dwangwa: Bambo a Chisomo, mayi akunyumba anena zoona, gulani firiji. Dekoda ija ndi ya HD? Remote ilipo? Ndidutsa pa Kamuzu Road Loweruka.