Kodi splitter ya HDMI yogawira ma TV angapo m'nyumba ndi yoyenera kugula?

Woyambitsa nkhani: Moni nonse. M'nyumba mwathu muli ma TV atatu koma dekoda ndi imodzi, ndipo ndikulingalira zogula splitter ya HDMI kuti chithunzi chizifika pabalaza ndi kuzipinda ziwiri zogona. Kodi ndikagula ndipindula, kapena ndingotaya ndalama?

Mayi wa ana anayi: Bambo, muyambe mwadzifunsa ngati anthu a m'nyumba mwanu amakonda kuonera zofanana. Splitter imangotenga chithunzi chimodzi n'kuchitumiza paliponse, moti inu mukatsegula mpira, ana nawonso aona mpira womwewo kuchipinda kwawo. Ife tinagula, ndipo mwezi usanathe tinali titatopa ndi kulimbirana rimoti.

Mmisiri woika zipangizo: Amayi anena zoona, koma chimene chimakhumudwitsa anthu ambiri ndi mtunda. Chingwe wamba cha HDMI chikapitirira mamita 10 kapena 15, chithunzi chimayamba kuzimazima, ndipo pa 4K, chithunzi chapamwamba kwambiri chija, vutoli limayamba msanga kuposa pamenepo. Ine ndimakhulupirira njira yotumizira chithunzi yotchedwa HDBaseT, imene inayamba mu 2010, chifukwa imadutsitsa chithunzi ndi mawu m'chingwe cha netiweki cha Cat6 mpaka mamita 100, ndipo zipangizo zake zambiri zimabwezera ku dekoda zimene mwadina pa rimoti, kotero mukhoza kusintha tchanelo muli chigonere. Muonetsetsenso kuti splitter yanu ikugwirizana ndi HDCP 2.2, imene ndi njira yoteteza mafilimu kuti asakopedwe, apo ayi mafilimu otetezedwa a 4K sadzaoneka. Komanso TV imodzi ikakhala ya 1080p, chithunzi chotsikirapo kuposa 4K, ma splitter ambiri amatsitsa chithunzi cha ma TV onse kuti chifanane ndi chake.

Mnyamata wina: Akuluakulu, bwanji osangolumikiza kachipangizo koonetsa kanema wa pa intaneti ngati Fire TV Stick kumbuyo kwa TV iliyonse, aliyense aziona zake popanda kuboola makoma?

Mmisiri woika zipangizo: Achimwene, njira imeneyo ndi yabwino pokhapokha intaneti ikakhala yamphamvu, chifukwa ma TV atatu akamakoka kanema nthawi imodzi, chithunzi chimaima kawirikawiri.

Woyambitsa nkhani: Zikomo kwambiri nonse. Kuzipinda timaonerako nkhani ndi mpira basi, choncho kuona zofanana sikutivuta ngati mmene kunavutira kwa amayi. Chipinda chakutali chili pa mamita pafupifupi 25, ndiye chingwe cha HDMI chokha sichingakwanitse. Ndigula splitter yokhala ndi HDBaseT, koma ndiyamba ndaona ngati TV yathu yakale siitsitsa chithunzi cha enawo.