SSD, RAM kapena laputopu ina? Ndithandizeni ndisanataye ndalama

aNabanda: Moni nonse pagulu pano. Laputopu ya pa shopu yanga yotayipa ndi kusindikiza makalata yayamba kundichititsa manyazi. Ndi ya kaunjika, Core i5 yakalekale, RAM 4GB, Windows 10. Batire inafa, ndiye magetsi akangothima nayo imathima. Akayaka ndimayatsa, koma kuti ndifike potsegula Word, kasitomala amakhala atafunsa kale kuti "mayi, zitheka lero?" Wina wogulitsa zipangizo wandiuza kuti ndigule SSD, disiki yamakono yosungira mafayilo, ya 256GB, ati makina aziuluka. Mwana wa achimwene anga, Chikondi, akuti ayi, ndigule RAM, memore imene makina amagwirira ntchito akayaka. Bambo a kunyumba akuti zonsezo nkutaya ndalama, tisunge tidzagule ina. Ndimvere uti?

Chikondi: Azakhali, ine ndikadali pomwepo. 4GB masiku ano ndi yochepa zedi, Chrome yekha amaimaliza. Muike 8GB basi, komanso RAM ndi yotchipirapo.

aMbewe: Mayi, onse atatu akhoza kukhala kuti akunena zoona, koma palibe amene wayeza. Ine ndimakonza makompyuta, ndipo anthu ambiri amabwera atagula kale chipangizo chimene sichinali vuto. Kuyeza sikulira tambala. Chitani izi.
Yatsani makina, sikirini ikangoonetsa desikitopu dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi. Patseguka Task Manager. Pitani pa Performance, muona timagalafu ta CPU (purosesa), Memory (RAM ija) ndi Disk. Khalani pansi muziyang'ana kwa mphindi zingapo osakhudza kanthu. Kamene kafike pamwamba nkukakamira pomwepo ndi kamene kakukuchedwetsani. Kenaka pitani pa Startup. Pakona yakumanja kumtunda palembedwa Last BIOS time, imeneyo ndi nthawi imene makina amatha Windows isanayambe nkomwe. Nthawi imeneyo SSD siyingaifupikitse kwenikweni, RAM nayonso ayi.

aNabanda: Zikomo bambo. Koma ine ndinayezapo kale ndi wotchi ya pafoni. Nthawi zina imadzuka msanga, nthawi zina imatenga kalekale. Ndiye ndikhulupirire nambala iti?

aMbewe: Funso labwino limenelo, ndipo apa ndi pamene ambiri amanamizika. Kuyambira pa Windows 8 muli chinthu chotchedwa Fast Startup. Mukadina Shut down, makina sazima kwathunthu ayi, amasunga mbali ina ya Windows pa disiki kuti mawa angoidzutsa. Koma magetsi akathima mwadzidzidzi sapeza mpata wosunga chilichonse, amayambira pachiyambi penipeni, nthawi zina nkuyamba kaye afufuza ngati disiki yavulala. Nchifukwa chake m'mawa imadzuka bwinoko, koma magetsi akabwera masana imakulizani. Inu poyeza muzidina Restart, chifukwa Restart ndi imene imayambitsa zonse mwatsopano.
Ndipo wotchi ya pafoni isiyeni, Windows imalemba yokha. Tsegulani Event Viewer, mulowe Applications and Services Logs, Microsoft, Windows, Diagnostics-Performance, Operational. Fufuzani mizere ya nambala 100. Uliwonse uli ndi tsiku lake komanso Boot Duration. Nambalayo mugawe ndi 1000 kuti mupeze masekondi. Inu Excel mumaidziwa kuposa ine: tsiku mbali ino, masekondi mbali inayo, mupange galafu. Muona ngati vutoli lakhala likukula pang'onopang'ono kapena linangoyamba tsiku limodzi.

Madalitso: Pepani akuluakulu, ndilowererepo. Pa Linux, imene ena timaika m'malo mwa Windows, zimenezi nzosavuta kwambiri. Ukalemba systemd-analyze imakuuza masekondi a gawo lililonse, ukalemba systemd-analyze plot > boot.svg imakujambulira chithunzi chonse chimene umatsegula mu browser: pulogalamu iliyonse ili ndi mzere wake wopingasa, kuonetsa pamene yayambira ndi pamene yamalizira kudzuka. Pa yanga ndinaona mzere umodzi wautali wofiira, NetworkManager-wait-online, makina amangodikira intaneti imene kunyumba kulibe. Nditauzimitsa nthawi inatsika osagula kanthu.
Nkhani yojambula kadzukidwe ka kompyuta inayambanso komweko. Mu 2004 Owen Taylor wa ku kampani ya Red Hat anapempha anthu a Fedora, mtundu wina wa Linux, kuti wina apange chithunzi choonetsa kumene nthawi imapita makina akamadzuka, ndipo Ziga Mahkovec anapanga pulogalamu yotchedwa bootchart. Mu 2008 Arjan van de Ven ndi Auke Kok a ku Intel anaonetsa laputopu ya Asus Eee PC ikudzuka m'masekondi 5. Chimene chimandisangalatsa nchakuti iwo sankawerenga kuti makina adzuka chifukwa choti desikitopu yaoneka ayi, koma pokhapokha disiki ndi CPU zitakhala phee. Amayi, ikani Linux Mint, muiwale zogula.

aNabanda: Mwanawe, zimene wanena zoti desikitopu kuoneka si kudzuka ndi zimene ndimakumana nazo ndendende. Chithunzi chimabwera, koma ukadina Word kamzere kozungulira kaja kamangovina. Koma za Linux undikhululukire. Makasitomala amabwera ndi ma CV awo pa fulashi, opangidwa mu Word, ena mu Publisher. Tebulo likasuntha pang'ono pokha munthu salipira. Pulinta yanganso ndinavutika kuti igwirizane ndi makinawa, sindikufuna kuyambiranso.

aMbewe: Madalitso, Eee PC imene ukunenayo inali ndi SSD, usaiwale kuwauza zimenezo. Komanso uchenjere ndi mndandanda wa systemd-analyze blame. Mapulogalamu ambiri amadzuka nthawi imodzi, ndiye amene ali pamwamba pa mndandanda si nthawi zonse amene akuchedwetsa anzake. Ona critical-chain, imeneyo ndiyo imaonetsa amene akudikira mnzake.

aPhiri a ku Joni: Achemwali, ine ndili mbali ya alamu. Musathire ndalama m'makina amene masiku ake atha. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso, kwa Intel, purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Yanuyo ngati ndi yakalekale monga mwanenera siyilowa. Ndiye mugula SSD lero, mawa kiyibodi, mkuja sikirini. Pa shopu pamene pamalowa fulashi ya munthu aliyense, makina osalandiranso ma update a chitetezo a Windows ndi ngozi. Sungani, mugule ya m'badwo wa 8, zambiri zimabwera ndi SSD kale.

aNachisale: A Phiri, mukuyankhula ngati munthu wolandira ma rand. Chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44% mu Novembala 2023, mtengo wa laputopu kuno suimanso malo amodzi. Munthu ukasunga miyezi itatu umakapeza yakweranso. Ndipo m'miyezi imeneyo makasitomala azidikirabe? Amapita pa shopu ina.
Koma ine changa nchina. Nonse mukukamba za kudzuka msanga, palibe akufunsa chifukwa chimene makinawa akumagonera masana. Vuto ndi batire. Ikanakhala ndi batire, magetsi akathima mumangotseka chivundikiro, akabwera nkutsegula, Word ali pomwe munamusiya, kalata ya kasitomala osatayika. Ine ndikanayamba ndi batire. SSD nayonso sikondwa ndi kuzimitsidwa mwadzidzidzi ikulemba.

Chikondi: Ndiye RAM yanga palibe akuivotera?

aMbewe: Dikira azakhali ako abwere ndi manambala. Ngati Memory ikufika cha m'ma 90 makina atangodzuka, wapambana ndiwe, chifukwa RAM ikadzadza Windows imayamba kutayira zinthu pa disiki ndipo disikiyo imaoneka ngati ndiyo yolakwa. Koma ngati Memory ili ndi malo pomwe Disk ili pa 100, kuonjezera RAM kuli ngati kugula zidebe zambiri pamene mjigo ndi umodzi womwewo. Mzere sufupika.

aNabanda: Ndabwera. Ndachita zonse masana ano pamene kunalibe anthu. Last BIOS time ndi masekondi 6 ndi kakuti. Mizere ya nambala 100 ndaipeza, ndaika mu Excel. Yakale kwambiri ili cha m'ma masekondi 90, koma mzere ukukwera ndithu, ya masabata apitawa ili pakati pa 150 ndi 190. Pa Task Manager CPU imakwera nkutsika, Memory inaima cha m'ma 70, koma Disk inakakamira pa 100 ngati yamatidwa, girini yekhayekha mpaka pamwamba, kwa mphindi zingapo. Chimene chandidabwitsa nchakuti pansi pake pamene palembedwa Read speed pamangoonetsa 1 kapena 2 MB pa sekondi. Ikhala bwanji pa 100 pamene ikuwerenga zochepa chonchi?

aMbewe: Pamenepo ndiye pagona nkhani yonse mayi. 100 imeneyo sikutanthauza kuchuluka kwa zimene ikuwerenga, ikutanthauza kuti disiki sikupuma. M'kati mwa hadi disiki muli mbale yozungulira, m'malaputopu ambiri kokwana 5400 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamayenda kukafuna fayilo. Ikamawerenga fayilo imodzi yaikulu, monga filimu, imatha kufika cha m'ma 100 MB pa sekondi. Koma Windows podzuka imafuna timafayilo ting'onoting'ono masauzande, tomwazikana paliponse. Kalikonse kamkono kaja kayende, kadikire mbale izungulire. Nthawi yonse imathera pa ulendo. Mukaika khutu pafupi mumva kuti tsetsetse, ndi kamkonoko. SSD ilibe chozungulira chilichonse, fayilo ili kuno kapena uko imaipeza nthawi yofanana. Anthu amakopeka ndi 500 MB pa sekondi yolembedwa pa katoni, koma chimene chimadzutsa makina msanga ndi kusayenda ulendoko. Nchifukwa chake ngakhale pa makina akale a SATA II, amene polumikizira disiki pake sipapitirira 300 MB pa sekondi, kusintha kumaoneka ndithu.
Komabe musanagule, bwererani pa Startup. Zimene zalembedwa High pa Startup impact, ngati simuzifuna m'mawa uliwonse, dinani Disable. Antivirus yokha musaikhudze. Chinanso, galafu yanu ikukwera, ndipo zimenezo sizikundisangalatsa. Ikani CrystalDiskInfo, pulogalamu yoyeza thanzi la disiki, ndi yaulere, mutiuze mtundu umene ikuonetsa.

aNabanda: Ndazimitsa zinayi, ina ya nyimbo imene Chikondi anaika, ina yosintha ma PDF imene sindikumbuka kuti inalowa liti. Ndachita Restart, yatsika kufika cha m'ma 120. Disk ikadali pa 100. CrystalDiskInfo ikuonetsa chikasu, palembedwa Caution, ndipo kadontho kachikasu kali pa Reallocated Sectors Count.

aMbewe: Mayi, siyani zonse. Lero lomwe, musanatseke shopu, koperani mafayilo anu onse pa fulashi kapena pa disiki ina. Chikasu chimenecho chikutanthauza kuti mbali zina za mbale zawonongeka ndipo disiki yasamutsira zinthu pamalo osungira. Ikhoza kuyenda miyezi, ikhozanso kufa mawa, palibe angakulonjezeni. Tsopano funso silakuti SSD ndi yabwino kapena ayi. Disiki muisintha basi, ndipo kugula hadi disiki ina yozungulira pa makina a Windows 10 ine sindingalangize munthu.

aPhiri a ku Joni: Mwaonatu, ndi zimene ndimanena. Disiki yayamba, zina zikutsatira.

aNachisale: Ndipo chaipha ndi chiyani ngati si kuthimathima komweko? Batire, anthuni.

aMbewe: Kuthima mwadzidzidzi sikuithandiza, ukalamba nawonso ulipo, kugwedezeka ikuyaka nakonso. A Phiri, SSD si ndalama yokwiriridwa m'makinawa. Akadzagula laputopu ina akhoza kuichotsa, ngati inayo ili ndi malo a 2.5 inchi nkuiika momwemo, ngati ndi ya M.2 yokha, ka SSD kakang'ono kooneka ngati chingamu, nkuigulira kabokosi ka USB ikhale yosungira ntchito za makasitomala. Za Windows 10 mwanena zoona, ndipo ndalama ya makina ena iyambe kusungidwa ndithu. Koma shopu iyenera kutsegulidwa Lolemba.

aNachisale: Chabwino, ngati ndi SSD ndiye muchenjere kogula. Ine ndinagulapo ina yotchipa modabwitsa, yolembedwa 512GB. Windows inaonetsadi 512, koma nditadzaza zithunzi za sukulu, zakale zinayamba kukana kutseguka. M'kati munali malo ochepa, nambala inali yabodza. Wogulitsa anakana kundibwezera chifukwa ndinalibe lisiti. Mupemphe lisiti yolembedwa masiku a waranti, katoni ikhale yomata, ndipo musanaikemo chilichonse chofunika muiyese ndi H2testw. Imalemba disiki yonse nkuwerenganso, imatenga nthawi koma bodza imaligwira. CrystalDiskInfo yomweyo ikuuzaninso maola amene SSD yayakapo, yatsopano isakhale ndi maola mazanamazana.

Madalitso: Posamutsa Windows pali Clonezilla, ndi yaulere.

aMbewe: Pa disiki yathanzi inde. Pa yachikasu iyi ayi, mukhoza kusamutsa ndi mafayilo ovulala omwe, kapena ingaime pakati. Aike Windows mwatsopano. Asunge kaye dalaivala wa pulinta ndi kiyi ya Office, ndi zimene anthu amalira nazo pambuyo pake.

aNabanda: Mafayilo ndakopera, fulashi ziwiri zadzadza. Bambo a kunyumba ndawaonetsa galafu ija ndi chikasu chija, avomera SSD, koma akuti ndalama ya makina ena tiyambe kupatula mwezi uno, ndiye a Phiri simunagonje kwathunthu. Batire ndifunsa mtengo wake ndikapita kutauni Loweruka, ikakhala yotheka nditenga zonse ziwiri. Chikondi, RAM idikire.

Chikondi: Mukadzatsegula Chrome ndi Publisher pamodzi mudzandiimbira, azakhali.

Madalitso: Amayi, fayilo ya Excel ija musaitaye. Mukaika Windows mwatsopano mizere yakale ya nambala 100 ipita yonse, itsala ndi yanuyo. Mukamaliza muonjezere manambala atsopano pa galafu yomweyo mutiponyere pano, koma muyeze pulinta, Office ndi antivirus zitalowa kale, apo ayi tiyerekeza zinthu zosiyana.

aMbewe: Ndipo musananyamuke Loweruka tembenuzani laputopu, mujambule chomata cha pansi pamene pali nambala ya modelo, ndi cha pa batire chomwe. Mukawaonetse ogulitsa, muwauze kuti mukufuna ya SATA ya 2.5 inchi. Asakupatseni kaja kooneka ngati chingamu, sikalowa m'makina anuwo.