Kodi kukaphunzira kunja kumathandizadi anthu kumvana?

Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene munapitako kunja kudzera m'mapologalamu osinthana ophunzira.

Mng'ono wanga akufuna kufunsira mwayi wotere, ndiye takhala tikuwerenga za mapologalamu angapo. Chimene chandigwira mtima n'chakuti ambiri sanayambike chifukwa cha madigiri okha ayi. Fulbright inakhazikitsidwa mu 1946, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, kuti anthu a ku America ndi a mayiko ena adziwane bwino. Erasmus, yomwe inayamba mu 1987, imapatsa achinyamata a ku Ulaya mpata wokaphunzira kwa miyezi ingapo m'dziko lina. Chevening ya ku Britain nayo imafuna kuti wophunzira akamaliza abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri.

Koma kodi kumvanako kumachitikadi? Nkhawa yanga ndi yakuti munthu akhoza kukhala chaka chathunthu ku London kapena ku Boston, koma n'kumangocheza ndi anzake ochokera kwawo okhaokha. Ndipo mbali inayo bwanji? Eni dzikowo amaphunzirapo kanthu kwa mlendoyo, kapena mlendo yekha ndiye amayembekezeka kusintha? Kwa ine, kumvana kwa mbali imodzi si kumvana.

Inu munakhalako, tiuzeni. Kukhala ndi banja la kumeneko kunakuthandizani kuposa kugona ku hostelo? Ubwenzi umene munapeza udakalipo mpaka lero? Nanga mwanayu akonzekere bwanji kuti akathe kumasuka ndi anthu a kumeneko?