Labala wa buluu pa raketi ya tenisi ya pa tebulo: n'zokhalitsa kapena fashoni chabe?

Wa ku Domwe: Akuluakulu, funso langa n'lalifupi. Labala wa buluu wa siponji ya mamilimita 2.0 akumutcha 3800 MT kuitanitsa ku Maputo, pomwe wofiira wa dzina lomwelo ndi 3500. Kodi 300 yapamwambayo ikugula chiyani? Ndipo mitundu imeneyi ikhalitsa, kapena chaka chamawa anthu azidzatiseka pa tebulo?

Aphunzitsi a Ulongwe: Choyamba lamulo, achimwene, chifukwa ambiri akulisokoneza. Kuyambira 1986 raketi inkayenera kukhala yofiira mbali ina, yakuda mbali inayo. Chifukwa chake n'chakuti anthu ankamata malabala awiri a mtundu umodzi, wina wopota mpira wina woterera, n'kumatembenuza raketi pansi pa tebulo, mnzawo osadziwa kuti mpira wamenyedwa ndi mbali iti. Pa 1 Okutobala 2021 bungwe la ITTF, loyendetsa masewerawa pa dziko lonse, linalola buluu, wobiriwira, pinki ndi pepo. Koma wakuda sanachoke. Mbali imodzi iyenera kukhala yakuda basi. Buluu ndi wofiira pa raketi imodzi, refa akubwezani. Wachikasu ndi wa olenji palibe, amafanana ndi mpira. Lamulo silichoka mawa, ndiye za kusekedwazo iwalani. Koma 300 ija mukugulira maso okha.

Malasha_Moatize: Inu mukukamba za 300, kuno anthu akuberedwa 1500 yathunthu. Ogulitsa ena a pa WhatsApp akutenga labala wa raketi za ana, wa pinki wonyezimira ngati ndowa ya pulasitiki, n'kumuika mu katoni ya dzina lalikulu. Mbava zenizeni. Musanapereke ndalama onani zitatu. Kumunsi kwa labala, kumene kumakhala pafupi ndi chigwiriro, pakhale dzina la kampani, chizindikiro cha ITTF ndi nambala yake, ndipo dzinalo lipezeke pa LARC, mndandanda wa malabala ovomerezeka ndi ITTF, ndi mtundu womwewo. Chachiwiri, labala asawale, lamulo limafuna wosanyezimira. Chachitatu, khutizani mpira woyera pamwamba pake. Ukatuluka ndi utoto kapena ukatsetsereka ngati pa galasi, bwezani. Wogulitsa akakana kutsegula paketi, chokanipo.

Topspin Tete: Vuto lanu mumagula mumsewu. Labala wa pinki weniweni wa kampani ya Tibhar, siponji yokhuthala mpaka malire, pa thabwa la kaboni, mpira umachita kulira. Bernadette Szőcs wa ku Romania wasewera ndi wa pinki pa mipikisano ikuluikulu, ndiye wina wa ku Domwe aziti ndi zidole? Mtengo wa labalayo ndi 4500 kupita m'mwamba. Amene akukuuzani 3800 akukugulitsani wokhalitsa m'shelefu.

Wa ku Domwe: Sindinanene kuti ndi zidole, akulu. Ndipo 3800 ndi wa Victas, osati Tibhar.

Mai Chop: A Topspin, Szőcs amapambana ndi miyendo, pinkiyo amangomunyamula. Inu mwagula pinki, miyendo munasiya kusitolo.

Malire_Calomue: Ine ndikudabwa chabe. 3800 pa mbali imodzi? Ndalama imeneyo ndi malabala asanu a Yinhe Mercury 2 kapena 729, pa 700 aliyense mukagwirizana anthu angapo n'kuitanitsa pamodzi. Kwa munthu amene sanakhazikitse dzanja, labala wa ku China womata pang'ono ndi wabwino kuposa wa ku Germany wodumpha. Amachedwetsa mpira, pa sevisi umapota bwino, ndipo ukabweza mpira waufupi suuluka. Tengani wofiira wofewa ku backhand (mbali ya kumbuyo kwa dzanja), wakuda wolimbirapo ku forehand (mbali ya chikhatho), yotsalayo mugule mipira ya 40+ ya nyenyezi zitatu ndi neti. Tebulo lambiri kuno neti yake ndi chingwe ndi chitenje, koma raketi ya buluu.

Malasha_Moatize: 700 yake iti? Mukawonjezera transipoti ndi msonkho ndi 1100.

Malire_Calomue: Mukaitanitsa nokha, inde.

Aphunzitsi a Ulongwe: Pali chinthu china chimene sichinatchulidwe. Mitundu siifanana kwenikweni pakhungu. Wakuda amathiramo mwaye wa kaboni, n'chifukwa chake saonekera mkati ndipo pa malabala a ku China ndi amene amamata kwambiri. Osewera a timu ya China ambiri amaika wakuda ku forehand pa chifukwa chimenechi. Wofiira ndi enawa amathiramo utoto, khungu limaonekera, timano ta mkati mumationa. Pa malabala a ku Germany kusiyanako n'kochepa, dzanja la ambiri a ife silingakumve. Chimene mungamve ndi kulimba kwa siponji, madigiri 42, 45 kapena 47.5, ndi kukhuthala kwake, mamilimita 1.8 kapena 2.1. Funsani zimenezo kaye. Musasokonezenso buluu ziwiri. Labala wa ku China wa Hurricane 3 amene anthu amati "wa buluu" ndi siponji yake, khungu lake n'lakuda. Ena akugula khungu la buluu poganiza kuti ndi amene katswiri wa ku China Ma Long ankamenyera.

Topspin Tete: Ameneyo ndi wa 6000, simungamukwanitse.

Mai Chop: Vuto lenileni la mitundu yowalayi ndi litsiro ndi kusowa. Wa pinki ndi wobiriwira amadetsedwa pakati pomenyera mpira pasanathe mwezi, makamaka kwa a ku Moatize ndi fumbi lawo la malasha. Wakuda amabisa, ngakhale nayenso akutha chimodzimodzi. Ndiye wowalayo akatha, wa dzina lomwelo mtundu womwewo mumupeza kuti? Ogulitsa amasunga wofiira ndi wakuda chifukwa ndi amene amayenda. Mudikira miyezi iwiri kapena mubwerera ku wofiira.

Fundi wa Furancungo: Kaya ndi wa mtundu wanji, ambiri amamupha pomata. Guluu akhale wa madzi wa tenisi yeniyeni. Wa nsapato amadya siponji ndipo pochotsa amazula matabwa a pamwamba. Solushoni womatira chubu cha njinga ali m'gulu la aguluu onunkha amene analetsedwa mu 2008. Pakani kamodzi mopyapyala pa thabwa, kamodzi kapena kawiri pa siponji. Dikirani mphindi 10 mpaka 15 kuti kuyera kuthe, guluu aoneke ngati madzi. Ku Angónia nthawi ya mvula zimatha kufika 25, musathamange. Yambirani kuchigwiriro, dzina lili pakati, n'kugudubuza botolo kupita kumutu osakoka. Mukakoka, labala amabwerera pakapita masiku n'kusiya thabwa pamtunda m'mphepete. Dulani ndi lezala latsopano, siponji ikuyang'ana kwa inu. Zonse pamodzi, khungu, siponji ndi guluu, zisapitirire mamilimita 4, ndiye musaunjike guluu pa labala wa max, wa siponji yokhuthala mpaka malire. Mukatha kusewera pukutani ndi kasiponji konyowa ndi madzi okha, osati sopo, aume, phimbani ndi pulasitiki.

Malasha_Moatize: Ndipo osasiya raketi m'galimoto. Dzuwa la mu Tete la Okutobala, lopitirira madigiri 40, limaumitsa labala aliyense. Wa buluu amayamba kutuwa m'mphepete, kenako kusweka.

Topspin Tete: Wanga sanatuwe.

Mai Chop: Chifukwa samenya mpira.

Wa ku Domwe: Ndiye ndigule kapena ayi? Mpaka pano wandiyankha ndani?

Aphunzitsi a Ulongwe: Ngati ndi labala amene mumaseweretsa kale ndipo 300 siikupwetekani, gulani. Ngati mukusintha dzina la labala kuti mungopeza buluu, ayi.

Malire_Calomue: Ayi. Tikuitanitsa Loweruka, atsala malo a munthu mmodzi. Wofiira yekha.