Mikanda ya miyala ya K160,000, ndigule kapena ndisiye?

Make Mapasa, Nchalo: Mwaswera bwanji nonse, ndithandizeni maganizo. Ine ndimatunga mikanda kuyambira 2021, ya m'chiuno, zibangiri ndi ndolo, yagalasi yomwe ija timaoda ku Limbe. Ndiye pali mayi wina amabweretsa katundu kuchokera ku Joni, wandionetsa mikanda akuti ya miyala yeniyeni, zingwe 10 pa K160,000. Muli amethyst wapepo, rose quartz, tiger's eye, agate, ndi wina wa buluu akuti turquoise. Kukongola kokha ndiye eee, ukaika m'manja imalemera komanso imazizira bwinobwino ngakhale kunja kukutentha chonchi. Ndalama ndili nayo, tagawana ku banki m'khonde sabata yatha, koma ndi mpamba wanga wonse umenewo. Ndigule?

Nyakwawa wa pa Dyeratu: Osagula.

Make Mapasa, Nchalo: Chifukwa chake achimwene? Musangoti osagula basi

Anganga a Bangula: Mwana wanga mawu oti turquoise amenewo andidzutsira chilonda. Ine chaka chatha ndinatumiza K45,000 pa foni kwa mnyamata wina wa mu tauni, zingwe zitatu zabwera pa minibasi, ndatunga mikanda ya m'khosi inayi yokongola ndithu. Umodzi anagula mphunzitsi wina kuti akavale ku ukwati, mwezi wake unali October, mukudziwa mmene kumatenthera kuno. Pofika masana thukuta lasungunula utoto, khosi lonse buluu, bulauzi yoyera yawonongeka. Anabwera pakhomo panga atanyamula bulauziyo m'jumbo, ndinabweza ndalama ya mkanda n'kulipiranso bulauzi. Nditaswa kamodzi ndi mwala mkati munali moyera mbuu ngati choko. Mnyamatayo foni mpaka lero sipezeka. Zimandiwawabe ndikaganiza.

Sisi wa ku Ngabu: Pepani agogo. Mwala umenewo umatchedwa howlite, ndi woyera mwachibadwa uli ndi timizere totuwa, ndiye amaunyika mu utoto kuti ufanane ndi turquoise. Turquoise weniweni ndi wodula, sangakhale mu mulu wa zingwe 10 zamtengo umodzi. Make Mapasa tengani kathonje munyowetse ndi mankhwala ochotsera kyutekisi aja mupukute kamkanda kamodzi pafupi ndi chiboo, thonje likasintha mtundu mwadziwa kale.

Bwana Ma Gem: Kkkk inu mukukamba za timikanda. Ine ndagwirapo ruby wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu ndi manja angawa, ndafikanso ku Mzimba komwe kumachokera aquamarine, mwala ndimauzindikira ndi diso lokha. K160,000 imeneyo ndi ndalama yoti ine ndimathera pa ulendo umodzi. Gulani mayi, bizinesi imafuna mtima.

Nyakwawa wa pa Dyeratu: Ndiye muwakongoze inuyo bwana poti ndi yochepa

Bwana Ma Gem: Ndalama zanga zili mu katundu panopa

Nyakwawa wa pa Dyeratu: Kkkkkk tinadziwa

Aunt a Saluni, Nsanje Boma: Tiyeni tiwerengere kaye m'malo mokangana. Chingwe chimodzi chimakhala masentimita ngati 38, mikanda ikakhala ya 8mm mumapezeka pafupifupi 47. Chibangiri cha munthu wamkulu chimadya 22 kapena 23, ndiye chingwe chimodzi zibangiri ziwiri basi. K16,000 pa chingwe, ndiye kuti chibangiri chimodzi mwalowetsa K8,000 musanagule lasitiki, musanawerengere nthawi yanu. Kuti mupindule mugulitse K12,000 kupita m'mwamba. Tandiuzeni ndani pa Nchalo atulutse K12,000 pa chibangiri pomwe chagalasi chili K2,000 pambali pake? Mwina kumapeto kwa mwezi aku kampani ya shuga akalandira, koma nawonso amayamba ufa ndi fizi.

Make Mapasa, Nchalo: Aunt apa mwandiganizitsa. Koma ndimaganiza zosakaniza, miyala isanu kapena isanu ndi iwiri pakati, kwinako ndimalizitse ndi yamtengo kapena yagalasi yakuda, ndiye chingwe chimodzi chitha kutulutsa zibangiri 6

Aunt a Saluni, Nsanje Boma: Bola pamenepo. Koma muziwauza makasitomala kuti mwasakaniza

Mtsikana wa Fatima: K16,000 chingwe?? Ine ndinagula tiger's eye K7,500 ku Limbe

Sisi wa ku Ngabu: Liti limenelo asisi? Ngati ndi kale kwacha isanagwe ndi 44% mu November 2023 musatiuze, mitengo ija inapita

Mtsikana wa Fatima: Chaka chino chomwe

Make Junior, Thabwa: Ndiye munagula galasi inu, ine anandiuza K22,000 ku Blantyre komweko mwezi wathawu

Mtsikana wa Fatima: Si galasi, ndinawotcha ndi machesi sinasungunuke

Sisi wa ku Ngabu: Machesi amangogwira pulasitiki, galasi silisungunuka ndi machesi. Galasi mumalidziwa poyang'ana padzuwa, mkati mumaoneka timathovu ta mpweya, komanso mikanda yonse imafanana ndendende ngati mapasa. Mwala uliwonse umakhala ndi maonekedwe akeake. Njira ina, amethyst, rose quartz ndi agate ndi banja limodzi la quartz, kulimba kwake ndi cha pa 7 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, pomwe galasi lili cha pa 5.5, ndiye mukakanda botolo la Fanta ndi kamkandako pamatsala mzere pa botolo. Ruby amene akunyadira a Bwana aja ali pa 9.

Bwana Ma Gem: Zimenezo ndimazidziwa kale

Ankolo a Malambe: Ine chimene chikundidabwitsa n'choti mukufuna mwala uchokere ku Joni pomwe agate wa buluu akukumbidwa pa Ngabu pompa, azungu amachita kuutchula dzina kunja uko. Komanso bwanji osatola nthanga za malambe? Ana akadya amangotaya, mutsuke, muumitse, muboole ndi kachitsulo kamoto, mupake vanishi, mutunge pa twaini ya mbedza. Mpamba wake ndi vanishi yekha. Alendo obwera ku Majete ndi ku Lengwe amafuna zimenezo, za miyala ya ku Joni ali nazo kwawo.

Sisi wa ku Ngabu: Ankolo agate alipodi kuno, ndimauona, wa buluu wotumbululuka ngati mtambo wa m'mawa. Koma umatuluka ngati chibuma, kuti ukhale mkanda pamafunika makina odulira, onolera ndi oboolera a dayamondi, ndipo amadula akuthira madzi chifukwa fumbi lake limawononga mapapo. Ndi msomali simungauboole. Komanso kugula ndi kugulitsa miyala yosasula kumafuna layisensi ya boma, musawaike mayiwa m'mavuto.

Make Junior, Thabwa: Pa za mbewuzo chenjerani ndi timbewu tofiira tija tokhala ndi kadontho kakuda, n'tokongola koma ndi poizoni woopsa makamaka mukatiboola, pakhomo pa ana ayi ndithu

Ankolo a Malambe: Ine ndati malambe

Mlongo Wanu wa ku Marka: Kodi ndi zoona kuti rose quartz imakoka chikondi? Mnzanga wa ku Mozambique amavala akuti banja lake linakhazikika

Anganga a Bangula: Banja limakhazikika ndi khalidwe mwanawe. Mikanda ya m'chiuno ndiye timaidziwa ntchito yake kuyambira kale, ndipo sinali ya K16,000

Mtsikana wa Fatima: Kkkkk agogo

Aunt a Saluni, Nsanje Boma: China ndaiwala, amethyst ndi rose quartz zikakhalitsa padzuwa zimafwifwa mtundu, ndiye ngati mumayala pa benchi pamsika tsiku lonse ndi dzuwa lakunoli muzitchinga. Ndipo tizitsulo tomangira tija totchipa timachita dzimbiri ndi thukuta, komanso miyala imalemera ndipo m'mphepete mwa chiboo mumadya lasitiki, mugule wokhuthala wa 1mm

Bwana Ma Gem: Wanga amethyst ndavala zaka zitatu sanasinthe

Nyakwawa wa pa Dyeratu: Tumizani chithunzi

Make Mapasa, Nchalo: Takhuta nonse. Ndawaimbira mayi aja kuti ndikufuna zingwe zitatu zokha, tiger's eye, amethyst ndi agate, ya buluu ija ayi, ndipo ndibwera ndi botolo ndi thonje ndiyese pamaso pawo. Akuti botolo palibe vuto koma akagulitsa zopatula ndi K20,000 chimodzi, ndipo wina wa ku Chikwawa Boma akufuna zonse 10 Loweruka. Mutu waima.

Make Junior, Thabwa: Amatero onse kuti wina akufuna, musathamange

Bwana Ma Gem: Mudzalira Loweruka

Ankolo a Malambe: Nthanga ndili nazo ndowa yathunthu, amene akufuna anene ndimupatsire wa kabaza

Mlongo Wanu wa ku Marka: Nanga rose quartz yo simutenga? Ngati simukuifuna ndifunsireni mtengo wa chingwe chimodzi