Maraketi anayi, ana anayi osewera mosiyana, ndigule otani?

Mphunzitsi wa masewero, Bembeke:
Akuluakulu mwaswera bwanji, ndithandizeni nzeru. Ahedi atipatsa kandalama ka maraketi a badminton, ndikawerengera akukwana anayi basi ngati tikufuna abwinoko. Chaka chatha ndinagula achitsulo aja otchipa, teremu isanathe atatu anali atathyoka pomwe mutu umalumikizana ndi ndodo, pa T paja, zinandiwawa kwambiri chifukwa ana anali atayamba kuwakonda masewerowa. Pano ndili ndi mnyamata wa Fomu 3 wamphamvu yemwe amangofuna smash (kumenya mwamphamvu motsitsa pansi), atsikana awiri a doubles (osewera awiri mbali imodzi) achangu kwambiri pa neti, ndi kamwana ka Fomu 1 kongoyamba kumene koma kali ndi diso. Ndigule amtundu umodzi kapena aliyense wake?

Madam, Lizulu:
Sir choyamba siyani achitsulo ndi a aluminium, funani a graphite omwe mutu ndi ndodo ndi chinthu chimodzi. Kenako onani pafupi ndi chogwirira pamalembedwa U yomwe ndi kulemera kwa raketi. 3U ndi magalamu 85 mpaka 89, 4U ndi 80 mpaka 84, 5U ndi 75 mpaka 79, nambala ikamakwera raketi ikupepuka. Ana a sekondale 4U imawakwana bwino. Palinso G yomwe ndi kukula kwa chogwirira, tengani G5 chifukwa chaching'ono mutha kuchikulunga grip chikule koma chachikulu simungachichepetse.

Sir, Linthipe:
Zoona Madam koma kulemera si nkhani yonse, nkhani ndi yoti kulemerako kuli kuti. Maraketi awiri onse a 4U amatha kumveka mosiyana m'manja. Mukafika mushopu ikani ndodo pa chala mpaka raketi ikhazikike osagwera mbali, ndiye yezani kuchokera kumapeto kwa chogwirira, ikapitirira 295mm ndi yolemera kumutu, ikakhala pansi pa 285mm ndi yopepuka kumutu, pakatipo ndi yofanana. Yolemera kumutu ili ngati khasu la mutu waukulu, likatsika limalowa pansi koma kulidzutsa kumachedwa. Mnyamata wanuyo imeneyo imuyenera. Atsikana a pa neti ayi, pa doubles shuttle (kanthu komenyedwa ndi raketi kaja) imabwera mothamanga ndipo raketi iyenera kukhala m'mwamba nthawi zonse, akufunika yopepuka kumutu. Ku kampani ya Yonex olemera kumutu ndi Astrox, opepuka ndi Nanoflare, apakati ndi Arcsaber, koma Li-Ning ndi Victor nawonso ali ndi mitundu yonseyi.

Mphunzitsi wamkulu, Tsangano:
Ine pamenepo ndikana pang'ono achimwene. Raketi ya sukulu si ya mwana mmodzi, mnyamatayo chaka chamawa akulemba MSCE nkumapita, raketi itsala ndi ena. Ine ndikanagula onse anayi apakati kuti aliyense amene waigwira aphunzire nayo kamenyedwe koyenera. Ndawaonapo ana akudandaula phewa ndi chigongono chifukwa chopatsidwa raketi yolemera kumutu komanso ya ndodo yolimba dzanja lisanakhwime, smash imachokera pa kupotoza mkono ndi kumenya pa nthawi yake, mphamvu zokha sizikwanira.

Sir, Linthipe:
Bwana za ndodo yolimba ndavomera, stiff ndi ya omwe dzanja lawo ndi lachangu kale, ana atenge medium kapena flexible yomwe imapinda nkuthandiza kuponya shuttle kumapeto kwa bwalo. Koma mnyamatayo tisamumane, imodzi yokha yolemera kumutu ya medium siimupweteka, ndipo akachoka sipalephera kubwera wina womenya chonchi.

Madam, Lizulu:
Musaiwale zingwe. Ena amanyadira kuti zakokedwa 27 kapena 28 lbs (muyeso wa kukungika kwa zingwe) koma kwa ana 20 mpaka 22 ndi zokwana, malo omenyera bwino amakhala aakulu ndipo siziduka msanga, kumbukirani kuti zikaduka makina okokera kuno kwathu ndi osowa mpaka transipoti ya ku Lilongwe. Chingwe chimodzi chikaduka dulani zonse tsiku lomwelo ndi sizasi, mukazisiya mutu umapindika.

Mphunzitsi wamkulu, Tsangano:
Chabwino imodziyo ndalola. Chenjerani ndi achinyengo, Yonex yeniyeni ili ndi nambala yozokota pa ndodo ndi pa kapulasitiki ka pamwamba pa chogwirira, mukapitsa chala imamveka, yongopaka penti isiyeni. Chinanso kuno kumapiri shuttle imathamanga kuposa kunyanja chifukwa mpweya ndi wopepuka, Dedza boma ili pafupifupi mamita 1,600, ndiye musamaganize kuti raketi ndi imene ikutulutsa kunja. Mukagula Mavis, shuttle ya pulasitiki ya Yonex, yesani ya mzere wobiriwira yomwe ndi yochedwa, ya buluu ndi yapakati, yofiira yothamanga ayi.

Mphunzitsi wa masewero, Bembeke:
Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula maso. Ndatsimikiza chonchi: onse 4U G5 a graphite, imodzi yolemera kumutu ya medium kwa mnyamata, imodzi yopepuka kumutu kwa mtsikana woima kutsogolo, awiri apakati kwa mnzake ndi ka Fomu 1 kaja, zingwe 21 lbs. Loweruka ndikukwera minibasi yam'mawa, rula ya mkalasi ndaika kale mchikwama. Sir a ku Linthipe ngati muli ndi mpata mundidikire pa siteji tikasankhire limodzi.