Loko wa chitseko cha dalaiva pa Wish: m'mawa akukhoma, masana akukana

Makaniko wa ku Mufakose, mu Harare: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pabwalo pano pali Toyota Wish ZNE10 ya 2006, ex-Japan. Chitseko chakutsogolo kumanja, cha dalaiva, chikuvuta. M'mawa kukadali kozizira, ukadina rimoti zitseko zonse zikukhoma bwinobwino. Dzuwa likangofika pamutu zinazo zikukhoma, koma cha dalaivachi kabatani kangogwedezeka pang'ono n'kusiya. Ndi kiyi chikukhoma ndi kutseguka popanda vuto. Fyuzi ili bwino. Mwini galimoto akuti tigule actuator yonse, kabokosi ka kamota kamene kamakhoma ndi kutsegula loko. Tiyambire pati kuti ndalama zake zisapite pachabe?

Wa magetsi ku Gazaland: Fyuzi isiyeni achimwene. Maloko onse amadyera malo amodzi, ikanakhala fyuzi kapena relay bwenzi zitseko zonse zili chete. Oganiziridwa ndi awiri: kamota ka m'kati mwa actuator, ndi mawaya odutsa mu labala uja wapakati pa chitseko ndi thupi la galimoto. Chitseko cha dalaiva ndicho chimatsegulidwa kwambiri, ndiye mawaya ake amathothokera m'kati, kunja chikopa chikuoneka chabwino. Musanamasule kanthu, tsegulani chitseko pakatikati, muzidina batani la loko la pachitseko uku mukupinda labalayo ndi dzanja. Kenako lizani injini n'kuyesa ndi batani la pachitseko. Batire likakhala lokha limapereka pafupifupi 12.5V, injini ikulira mphamvu imafika cha m'ma 14V. Loko akadzuka injini ikulira, kamota katopa.

Madala a ku Mbare: Zomwe wanena za m'mawa ndi masanazo zakuuza kale mphwanga. Waya wothothoka alibe nazo ntchito za dzuwa, iye amavuta chitseko chikagwedezeka. Kamota ndiko kamaopa kutentha. Maburashi ake akamatha, fumbi la kaboni limasakanikirana ndi girisi n'kumata pomwe maburashiwo amakhudza, magetsi n'kumalowa movutikira. M'chivundikiro cha kamotako mulinso kachitsulo koteteza kuti kasapse, kakatentha kamachepetsa magetsi. Tsono galimoto ikakhala padzuwa la Okotobala, m'chitsekomo mumasanduka uvuni, mphamvu yokankhira loko n'kutheratu.

Makaniko wa ku Mufakose: Ndayesa madala. Kupinda labala sikukusintha kanthu. Injini ikulira akukhoma kawiri katatu, kenako akufooka mpaka kusiya.

Wa magetsi ku Gazaland: Ndi kamota kameneko, komabe tsimikizani pa pulagi musanagule chinthu. Kwezani galasi mpaka kumwamba. Masulani timabawuti tobisika kuseri kwa chogwirira cham'kati ndi pamalo okokera chitseko, tukulani bokosi la maswitchi a magalasi, kenako nyamulani chikuto cha chitseko kuyambira pansi. Gwiritsani chotokosera chapulasitiki, sikuludalaiva imakanda penti ndipo dzimbiri limayambira pamenepo. Makilipi a galimoto ya 2006 ndi ouma, ena athyoka ndithu, khalani nawo apadera asanu kapena kuposa. Pepala lapulasitiki lomatidwa pachitsekolo musaling'ambe. Matulani mbali yakumbuyo yokha, phula lakudalo likhale pomwepo.

Pa pulagi ya loko pali mawaya awiri a kamota, nthawi zambiri ndi onenepako kuposa anzawo. Lumikizani babu la 21W pakati pa awiriwo, osati waya mmodzi ndi thupi la galimoto, chifukwa pokhoma magetsi amalowa mbali iyi, potsegula amatembenuka. Bwezerani kaye pulagi ya maswitchi, dinani kukhoma, dinani kutsegula. Babu liphethire mowala konsekonse. Multimeter, chida choyezera magetsi chija, pamenepa imanamiza. Magetsiwo amabwera kwa kanthawi kosakwana sekondi, manambala sapeza mpata wokhazikika, komanso waya wotsala ndi tinsinga tiwiri amaonetsabe 12V pamene sangathe kuyendetsa kamota. Babu limakoka magetsi ambiri, ndiye waya wofooka amaonekera poyera.

Makaniko wa ku Mufakose: Babu likuwala bwino mbali zonse ziwiri. Mawaya alibe mlandu.

Amayi a masipeya pa msewu wa Kaguvi: Mukaganiza zogula loko yense achimwene, bwerani ndi wakaleyo m'manja, chithunzi cha pafoni sichikwanira. Pa ma Toyota amenewa actuator ndi loko ndi chinthu chimodzi. Wa chitseko cha dalaiva ali ndi mapini ambiri pa pulagi chifukwa muli maswitchi ouza galimoto kuti kiyi wapotozedwa komanso kuti loko ali pati. Vuto limabwera ndi katundu wa magalimoto a chiwongolero chakumanzere. Pa iwo chitseko chakutsogolo kumanja ndi cha wokwera, ndiye loko amalowa bwino m'malo mwake, mabowo akugwirizana, koma mapini ndi ochepa. Mudzapeza rimoti ikugwira, koma kupotoza kiyi sikukukhoma zitseko zinazo. Funsani wochokera ku galimoto ya chiwongolero chakumanja, werengani mapini, ndipo wogulitsa amuyese pa batire mukuona, kakhumi motsatizana. Wotopa amagwira koyamba n'kufooka pambuyo pake.

Wa maloko ku Dzivarasekwa: Mayi anena zoona, koma ine sindingagule wakale. Wochotsedwa pa Wish ina ali ndi zaka zofanana ndi wanuyo, maburashi ake nawonso ali kumapeto. Ngati chitsulo cha loko chili bwino, ndipo kiyi akusonyeza kuti chili bwino, sinthani kamota kokha. Ma Toyota ambiri a zaka zimenezo ali ndi kamota ka kampani ya Mabuchi, ka mtundu wa FC-280. Tsegulani muwerenge nambala yake musanapite kukagula.

Wa ma alamu ku Mabvuku: Njira yachidule ilipo: actuator ya universal ya mawaya awiri, kuimanga m'chitseko n'kuilumikiza pa mawaya a kamota akalewo. Ola limodzi ntchito yatha.

Madala a ku Mbare: Pa chitseko cha tindodo tachitsulo imeneyo imagwira, mwana wanga. Apa kabatani kamayenda ndi kebulo, pogwiritsa kandodo kako palibe, udzayamba kuboola ndi kupinda zinthu. Kamota kakufako kadzatsalanso m'kati n'kumalemetsa chatsopanocho. Galimoto ya munthu tisaisokoneze chotero.

Tsono mphwanga wa ku Mufakose, kuchotsa loko kuli chonchi. Jambula kaye mmene makebulo awiri akhalira pa chogwirira cham'kati, wina ndi wotsegulira, wina ndi wa kabatani, ukawasinthanitsa ulira. Galasi lili kumwamba, chotsa waya wa negative pa batire, ndipo ukaona mapulagi achikasu a airbag dikira masekondi 90 usanagwire mawaya. Njanji yakumbuyo ya galasi imatchinga njira, masula bawuti lake la 10mm uisunthe. Pamphepete pa chitseko pali mabawuti atatu a Torx T30, aja a mutu wa nyenyezi. Amenewa amamangidwa ndi guluu wa mabawuti, ndiye kanikiza T30 ilowe mpaka pansi usanapotoze. Ukaika T27 chifukwa ndi yomwe ili pafupi, mutu udyeka, ntchito isanduka ya dirilo. Yang'ana ndi tochi polumikizana loko ndi chogwirira chakunja komanso ndi pa kiyi. Ngati pali kandodo, tembenuza kilipi yake yapulasitiki kaye, usazule ndi mphamvu. Kenako tsitsa loko pang'ono, mutulutse pamodzi ndi makebulo ake.

Wa maloko ku Dzivarasekwa: Kabokosi kapulasitikiko mutsegulire patebulo loyala nsalu yoyera, chifukwa muli tisipuling'i ndi timagiya todumpha. Makilipi ake atukuleni limodzilimodzi, mukusiya kachitsulo kopyapyala pomwe mwatsegula kuti pasatsekekenso. Jambulani musanakhudze giya. Poyerekeza kamota katsopano onani zitatu: kutalika kwa shafti, ngati shaftiyo ndi yozungulira kapena yosemedwa mbali imodzi, ndi pomwe pali mabowo olowera magetsi. Giya yopotana ya pashafti muisamutsire ku katsopano ndipo ikhale pa mtunda womwewo, yezani musanaizule. Girisi wakale woumayo pukutani yense, pakani woyera wa lithium pang'ono pamagiya pokha. M'kamota musapopere mafuta alionse, ndi omwe amapanga phala la kaboni lija.

Makaniko wa ku Mufakose: Kamota kapezeka, shafti yagwirizana, ndabwezera zonse. Mphamvu ilipo tsopano, koma akuchita zosemphana. Zinazo zikamakhoma iye akutsegula, zikamatsegula iye akukhoma.

Wa magetsi ku Gazaland: Timamota timeneti timafanana kunja koma tina timazungulira mbali yosiyana. Musatseke chitsekocho kaye. Njira yofulumira ndi kusolola mapini awiri a kamota pa pulagi n'kuwasinthanitsa, enawo osawakhudza chifukwa ndi a maswitchi. Kuipa kwake, wodzaika loko wa orijinolo m'tsogolo adzapeza zosemphana zomwezi osadziwa chifukwa. Mukatero mangani katepi kolembapo pa pulagipo.

Madala a ku Mbare: Mawaya a galimoto asiye mmene anabwerera. Chotsa kamota, wongola timakutu tachitsulo togwira chivundikiro cha maburashi, tembenuza chivundikirocho madigiri 180 n'kuchibwezera. Maburashi akasinthana malo ndi maginito, kamota kamazungulira mbali inayo. Polowetsa patula maburashi ndi kasingano kuti asapindike. Ngati chivundikiro chili ndi kamphako kokana kutembenuka, pamenepo ndiye tsatira za wa ku Gazaland. Ndipo poyesa, chitseko chikhale chotsegula. Kankha dzino la loko ndi sikuludalaiva mpaka lilire kawiri, ngati kuti chatsekeka, kenako yesa chogwirira chakunja, cham'kati, kiyi ndi batani la loko la pachitseko, ali wokhoma komanso ali wotsegula. Chitseko chikatsekeka kebulo ili yosakola, kuchitsegulanso kumawononga chikuto. Mabawuti a T30 aja paka guluu kadontho, manga pafupifupi 5 Nm, safuna mphamvu zambiri. Pepala lapulasitiki limate bwino mpaka pansi, ndipo tokosa mabowo otulutsira madzi kunsi kwa chitseko, mvula ya Novembala isadzalowe pa sipika ndi pa maswitchi.

Makaniko wa ku Mufakose: Chivundikiro chalola kutembenuka madala, pulagi sindinaikhudze. Zonse zinayi zagwira chitseko chili chotsegula. Ndatseka, galimoto yakhala padzuwa mpaka 2 koloko injini ili yozima, ndipo loko akukhoma pamodzi ndi anzake kakhumi motsatizana osafooka. Chatsala ndi AUTO ya galasi la dalaiva, ija yoti ukadina kamodzi galasi limayenda lokha, yasiya kugwira chichotsereni batire.

Wa magetsi ku Gazaland: Yatsani kiyi, tsitsani galasi mpaka pakati, likwezeni mpaka kumwamba ndipo mugwirebe switchiyo masekondi awiri kapena atatu litafika kale. AUTO ibwerera.